Mwana akufuna gitala, ndalama ya chilimba ili m'manja: ndigule iti?

Mayi a Dalitso (Kapata): Odi muno akuluakulu. Ndalowa m'gulu lino dzulo, amene wandilowetsa ndi mlamu wanga woimba kwaya. Ine za nyimbo sindizidziwa, ndimagulitsa zitenje pamsika wa Kapata, kuno ku Chipata. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 13, ndipo chaka chathunthu wakhala akundilirira gitala. Mwezi uno chilimba chagwera ine, ndapatulapo K3,500. Pa Facebook ndaona munthu wa ku Lusaka akugulitsa bandulo: gitala ya magetsi yofiira, ampulifaya yaing'ono yokuzira mawu, chikwama, lamba, chingwe, mapiki okhwachira mawaya ndi kochunira, zonse m'katoni imodzi. Akuti nditumize ndalama pa foni, katundu akweza basi ya m'mawa. Pa chithunzi n'zokongola moti mwana sakugona. Koma mtima wanga ukukayika. Ndalamayi ndaidikira miyezi isanu ndi umodzi, ndithandizeni nzeru.

Mlembi wa gulu: Takulandirani amayi. Musatumize kanthu kaye, eni ake a nkhaniyi sanadzuke.

Agogo Tembo (Katete): Ine ndadzuka kale. Amayi, mwachita bwino kufunsa musanamasule mfundo ya pa chitenje. Ife tinayambira pa banjo yopanga tokha: chigubu cha mafuta ophikira, khosi losema ndi kasemasema, nsambo zake zochotsa ku waya wa mabuleki a njinga. Kuno kwathu njinga sizisowa, choncho nsambo sizinkasowanso. Inkadula zala mpaka magazi, koma amene anapirira pa banjo ija, tsiku logwira gitala yeniyeni ankangoseka. Mwana mumugulire ya bokosi. Siifuna magetsi, siifuna chingwe, akhoza kukhala nayo pansi pa mango. A Kaunda omwe, poyendayenda pa njinga nthawi yomenyera ufulu, gitala anali nayo, koma sindinamvepo kuti ankamangirira ampulifaya pa kaliyala.

Lidi wa ku Mchini: Agogo, ulemu wanu ndaupereka, koma apa ndikutsutsani pang'ono. Inu mukuwerenga amene anapirira. Nanga aja anaponya banjo padenga sabata yachiwiri chifukwa cha matuza, mukuwawerenga? Anali ambiri kuposa inu opirira. Nkhani yoti mwana ayambire ya bokosi kenako akwere kupita ku ya magetsi, ngati kuchoka giredi 7 kupita giredi 8, ine ndinaikana kalekale. Ya magetsi ndiyo yofewa pa zala. Mawaya ake ang'onoang'ono amayambira pa saizi 9 kapena 10, pomwe a bokosi ambiri amayambira pa 12, ndipo amakhala okungika kwambiri. Amayi, tisanapite patali, mwanayo amamvera nyimbo zanji? Akaona oimba amayang'ana ndani?

Mayi a Dalitso (Kapata): Amakonda sungura ndi kalindula. Kutchalitchi sakhala ndi anzake, amakakhala pansi pafupi ndi mnyamata woimba gitala yolira mosongoka ija, mpaka mapemphero kutha. Kunyumba amatenga tsache n'kumalikanda.

Lidi wa ku Mchini: Basi, wayankha yekha. Akufuna lidi, gitala yotsogolera nyimbo ija. Sungura imaimbidwa kumunsi kwa khosi, kufupi ndi thupi la gitala, kumene mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija, amapanikizana. Pa bokosi wamba dzanja likafika fureti 14 lagunda thupi, njira yatha. Mukamugulira bokosi ayamika ndi pakamwa, koma mtima ukhalabe pa ija ya kutchalitchi.

Agogo Tembo (Katete): Magetsi akathima aimba tsache lomwelo.

Lidi wa ku Mchini: Ya magetsi imamveka ngakhale osailumikiza agogo, pang'onopang'ono ngati udzudzu, koma pophunzira n'zokwanira. Ndipo amayi angakonde zimenezo usiku.

Amisiri Zulu (Down Shops): Inu kanganani za bokosi ndi magetsi, ine ndinene za katoni ija, poti zikafa zimabwera pa tebulo langa. Amayi, werengani zinthu mwatchulazo: gitala, ampulifaya, chikwama, lamba, chingwe, mapiki, kochunira. Zisanu ndi ziwiri. Pa ndalama yanuyo muchotsepo phindu la wogulitsa, muchotsepo ya basi, yotsalayo muigawe pasanu ndi pawiri. Gitalayo yatsala ndi zingati? Wopanga katoni amadziwa kuti kholo limawerenga kuchuluka kwa zinthu, siliyang'ana khosi la gitala. Ndiye amadzaza katoni ndi tinthu, n'kumana chinthu chimodzi chomwe mwana azichigwira tsiku lililonse.

Zimene ndimaziona kawirikawiri ndi izi. Chingwe chimayamba kufa, chimathothoka kumutu mwezi usanathe. Makiyi ochunira amaterereka, uchune bwinobwino, uimbe nyimbo imodzi, yasokonekera. Nsonga za mafureti zimatuluka m'mbali mwa khosi ngati mano a sowo, makamaka mu Okutobala mtengo ukauma n'kunyala. Choipa kwambiri ndi mawaya okwera kutali ndi khosi. Mwana amakanikiza mpaka dzanja kunjenjemera, mawu osatuluka bwino, n'kuyamba kuganiza kuti iye ndiye wopanda luso. Gitala yoipa imanamizira mwana.

Sikuti bandulo iliyonse ndi yachabe ayi. Yamaha ali nazo zawo, Squier amene ndi a Fender ali nazo, Epiphone amene ndi a Gibson ali nazonso. Mmenemo gitala imakhala yeniyeni, chofooka chimakhala ampulifaya ndi chingwe. Koma pa K3,500 sindikhulupirira kuti mungaipeze yatsopano. Kodi pa mutu wa gitala ya pa chithunziyo palembedwa chiyani?

Mayi a Dalitso (Kapata): Ndakuza chithunzi. Palembedwa Fender.

Amisiri Zulu (Down Shops): Hahaha. Amayi, Fender yeniyeni yatsopano pamodzi ndi ampulifaya pa mtengo umenewo, ndiye kuti mwagula ng'ombe pa mtengo wa nkhuku. Dzinalo anangomata. Bola gitala yolemba dzina lake losadziwika moona mtima kusiyana ndi yobwereka dzina la eni.

Naphiri (ku Joni): Asisi, ngakhale ikanakhala yeniyeni, nkhani yotumiza ndalama musanaone katundu ikaneni. Ine inandiluma. Ndinatumizira munthu wina ndalama ya kiyibodi ya mng'ono wanga ku Lundazi, tinkacheza bwinobwino mpaka anandionetsa chithunzi cha katoni ili pa siteshoni. Ndalama itangolowa, nambala inazima. Mng'ono wanga anadikira mabasi atatu. Ngati muli ndi mbale ku Lusaka, apite akaione ndi maso, aigwire, alipire ali pomwepo.

Mayi a Dalitso (Kapata): Mbale alipo ku Kaunda Square, koma naye gitala amangoidziwa kuti ili ndi mawaya.

Aphunzitsi Nabanda (Chadiza): Ndiloleni ndiikepo yanga, poti ana ndimakhala nawo. Pali mtundu wachitatu umene abambowa akuudumpha: ya bokosi ya nsambo za nayiloni, monga Yamaha C40. Nsambo zake ndi zofewa, sizidula zala, ndipo sizichita dzimbiri msanga ngati zachitsulo, makamaka zitatu zoonda zija. Ana anga a kwaya ndimawayambitsira pamenepo. Vuto lake khosi ndi lotambalala, mamilimita 52 kumutu, pomwe ya zitsulo ngati Yamaha F310 ndi 43. Mwana wa manja ang'onoang'ono amavutika kulizungulira, n'chifukwa chake kwa a zaka 8 kapena 9 kuli zochepetsedwa, za theka kapena za magawo atatu mwa anayi. Wa zaka 13 atha kugwira yaikulu. Koma ndamva zoti mtima wake uli pa lidi, ndiye sindikakamira.

Chimene ndikufuna aliyense wowerenga amve ndi ichi: gitala ya nayiloni musaimange mawaya achitsulo. Achitsulo amakoka pafupifupi kawiri kuposa a nayiloni, ndipo zambiri za nayiloni zilibe chitsulo cholimbitsa khosi mkati. Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsako, munthu wofuna kuthandiza anatimangira achitsulo kuti imveke kwambiri pa asembule. Inamvekadi masabata angapo. Tsiku lina tikutsegula kabati tinapeza kathabwa komangapo nsambo kamatuka, kali lende, khosi lapindika ngati uta.

Agogo Tembo (Katete): Aphunzitsi anena zoona. Ndinaonapo zimenezo.

Mbuya wa ku Kitwe: Anthu akum'mawa inu, mwana muyambe mwamudyetsa chakudya chenicheni. Zala zoleredwa ndi mbewa zingakanikize waya?

Lidi wa ku Mchini: Mbuya, zala zokumba mbewa ndizo zolimba. Inu mumatha kuimba chifukwa choti anyani amene mumadya aja anakusiyirani zala zazitali.

Mbuya wa ku Kitwe: Ndiye chifukwa chake Zamrock inaphukira kuno ku migodi m'zaka za m'ma 1970, inu muli kalikiliki ndi makasu kuuna. Koma zoona zake amayi, a Lidi akunena zanzeru. Wanga ndinamugulira bokosi mokakamiza, lero mwalowa mphemvu.

Mlembi wa gulu: Chimbuya chikathera pamaliro, kuno tithandize amayi.

Mayi a Dalitso (Kapata): Ndaseka mpaka kasitomala kundiyang'ana. Tsono ngati ndi ya magetsi, ampulifaya ndiyofunika yaikulu bwanji? Ya m'katoni ija alemba mawati 20. Mnyamata wina pano pamsika akuti yochepera mawati 100 ndi choseweretsa.

Amisiri Zulu (Down Shops): Mnyamatayo akufuna mudane ndi aneba. Mawati sayenda mmene anthu amaganizira. Mukachoka pa 10 kupita pa 20, khutu limamva kusintha pang'ono chabe. Kuti limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, mawati ayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. Choncho ya mawati 10, monga Fender Frontman 10G ya sipika ya mainchesi 6, m'chipinda imakwana n'kutsalako. Ya mawati 50 ndi sipika ya mainchesi 12, ngati Boss Katana 50, ndi ya munthu amene akuimba pamodzi ndi ng'oma m'tchalitchi. Mwana wanu sanafike kumeneko. Komanso nambala zolembedwa pa makatoni opanda dzina musamazikhulupirire, wina amangolemba imene yamukomera.

Chofunika pa ampulifaya ya wophunzira si kukula. Ikhale ndi bowo la mahedifoni, kuti aziimba usiku inu muli mtulo. Ikhale ndi bowo lolumikizira foni, kuti aziimba motsatira nyimbo. Ndipo mawu ake akhale oyera, chifukwa sungura ndi kalindula zimafuna gitala yolira ngwee, osati yokhosomola.

Lidi wa ku Mchini: Ndiwonjezere za magetsi, poti agogo akundidikira pamenepo. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankabwera ngati mlendo wa usiku. Nthawi imeneyo ndi pomwe ndinalemekeza tiampulifaya ta mabatire. Boss Katana Mini ndi ya mawati 7, Blackstar Fly 3 ndi ya mawati 3, zonse zimayendera mabatire asanu ndi limodzi a AA. Mukagula mabatire otchaja, nkhani yatha. Ndinaphunzitsira ana pakhonde miyezi yonse ija ndi kotere.

Agogo Tembo (Katete): Ndiye kuti mabatire, chingwe, chotchajira, mahedifoni. Ine bokosi langa limangofuna manja. Koma pitirizani.

Naphiri (ku Joni): Amisiri, nanga wina akatumiza kuchokera kunja? Ndikufunsira amayiwa komanso ine.

Amisiri Zulu (Down Shops): Funso labwino asisi. Kuno magetsi athu ndi mavoti 230. Ya ku South Africa kapena ku UK imagwira bwinobwino, kungosintha pulagi ngati ndi ya mano ozungulira aakulu aja a ku Joni. Koma ya ku America inapangidwira mavoti 120, ya ku Japan 100. Mukailowetsa pakhoma pathu popanda thiransifoma, mumva kuti phu, kenako fungo. Tembenuzani kumbuyo muwerenge musanalumikize. Zina zatsopano zimalemba 100 mpaka 240, zimenezo zilibe vuto.

Ndipo pali china chimene ndimakalipira anyamata a mabandi. Dzino lachitatu la pulagi, lalitali lija, ndi la efi, lopititsa magetsi osochera pansi. Ena amalithyola, ena amalowetsa mawaya osenda pasoketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Pa wailesi mwina mupulumuka. Pa gitala ayi, chifukwa mawaya amene mwana wagwirawo ndi olumikizana ndi chitsulo cha ampulifaya. China chikalakwika mkati, magetsi adutsira mwa iye, makamaka akagwira gitala n'kugunditsa mlomo pa maikolofoni. Mwana akadzanena kuti mawaya akumunyerenyetsa, zimitsani pomwepo, musayese kawiri.

Mayi a Dalitso (Kapata): Mayo ine. Izi sindikanazidziwa. Ife kunyumba tili ndi sola ndi invata yaing'ono, imeneyo ingathe?

Amisiri Zulu (Down Shops): Mphamvu ikwana, ampulifaya yaing'ono siidya zambiri. Koma mainvata otsika mtengo satulutsa magetsi osalala, ndiye mumamva kulira kwa njuchi m'sipika. Sikuti ampulifaya yafa. Ya mabatire vuto limeneli ilibe.

Mnyamata wa bezi (Petauke): Pepani akuluakulu ndilowerere. Ine ndili ndi bezi ya mawaya anayi koma ndilibe ampulifaya. Mnzanga ali ndi ya gitala ya mawati 15, ndingabwereke?

Amisiri Zulu (Down Shops): Ubwereke ngati ubwenziwo watopa nawo. Waya wonenepa wa bezi umanjenjemera ka 41 pa sekondi, wa gitala ka 82. Kasipika ka gitala sikanapangidwire kukankha mphepo yochuluka choncho, ukakweza voliyumu pepala lake ling'ambika. Funa ya bezi, ngati Fender Rumble 15 kapena 25. Gitala kuilowetsa mu ya bezi palibe choopsa, koma bezi mu ya gitala ayi.

Agogo Tembo (Katete): Kapena upange babatoni mwana wanga, bezi yaikulu yopanga pamanja ija. Kalindula inayambira pamenepo, ndipo sipika yake ndi chikopa cha ng'ombe.

Mnyamata wa bezi (Petauke): Agogo, kutchalitchi angandithamangitse nayo.

Zida Zotchipa: Moni nonse, magitala atsopano alipo, mitundu yonse, mtengo wogwa, lembereni kumbali mwachangu atsala ochepa

Mlembi wa gulu: Ameneyu walowa bwanji? Ndamuchotsa. Amayi, akakulemberani kumbali musayankhe.

Mayi a Dalitso (Kapata): Wandilembera kale! Ndamutseka. Tsono mwandichotsa pa katoni, mundiike pati? Ndalama ndi yomweyo, siikula.

Lidi wa ku Mchini: Ndikanakhala ine, ndalama yonseyo ndikanaiponya pa gitala yokha, ya salaula koma ya dzina loona. Ampulifaya idikire chilimba chinacho. Funani Yamaha Pacifica, kaya 012 kaya 112, kapena Squier, Ibanez Gio, Cort. Pacifica ndimaikonda pa wophunzira chifukwa ili ndi mapikapu, timaginito totola kulira kwa mawaya, a mitundu iwiri: awiri oonda opereka mawu owala a sungura, ndi imodzi yonenepa kumunsi yosalira njuchi. Kochunira musagule, pa foni pali mapulogalamu aulere ochunira, ndipo machunidwe ake ndi E A D G B E kuyambira waya wonenepa. Mapiki ndi a ndalama zochepa. Chikwama mungasoketse kwa atelala, inuyo zitenje muli nazo, angoikamo siponji.

Magitala otere amapezeka muno mwathu momwe. Mabandi amatha, matchalitchi amagula zatsopano, anthu amasamutsidwa pantchito. Funsani oimba a m'matchalitchi, amadziwana onse. Ena amakagula ku Lilongwe poti ndi kufupi kuposa Lusaka, koma muwerengeretu za pa boda ya Mwami ndi kusintha ndalama, nthawi zina phindu limathera panjira. Ikachokera ku Lusaka, makilomita oposa 500 a Great East Road si masewera: amasule mawaya pang'ono, ndipo isalowe pansi pa basi pamodzi ndi matumba. Munthu aifungate ngati khanda.

Aphunzitsi Nabanda (Chadiza): Muwauzenso poyang'ana pogula, a Lidi. Salaula ina ndi yotopa.

Amisiri Zulu (Down Shops): Imeneyo ndiyankhe ine. Amayi, tengani bokosi la machesi. Werengani tizitsulo ta pakhosi kuchokera kumutu mpaka ka nambala 12, pamene pamakhala timadontho tiwiri. Lowetsani kamtengo ka machesi pakati pa kachitsuloko ndi waya wonenepa. Kamtengo kamodzi ndi pafupifupi mamilimita awiri. Pa ya magetsi kalowe mokhudza waya. Pa bokosi la zitsulo pangatsale kampata pang'ono. Mukaona kuti timitengo tiwiri tosanjikiza tikulowa momasuka, mawaya akwera kwambiri. Pa ya nayiloni yokha ndi pomwe tiwiri n'chabwinobwino.

Kenako ikani diso kumutu, muyang'ane motsata khosi ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Kupindika pang'ono chakutsogolo kumakonzeka, mkati muli chitsulo chomwe timapotokola ndi alenikiyi, pang'onopang'ono, osati mwamphamvu. Koma likakhala lopotoka ngati chingwe, mbali imodzi kukwera ina kutsika, isiyeni ngakhale akupatseni ulere. Yendetsani chala m'mbali mwa khosi mumve ngati pali pobaya. Yang'anani kuseri kwa mutu ndi polumikizira khosi ngati pali mng'alu. Wina aimbe waya uliwonse osakanikiza, kenako akanikize pa 12: mawu akhale omwewo koma okwera, osaphonya. Pomaliza ilumikizeni, muyese pikapu iliyonse, mupotokole timabatani tonse, mugwedeze chingwe polowera. Kukhosomola kwa timabatani ndi fumbi chabe, ndimatsuka. Dzimbiri pa mawaya lisakuopseni, mawaya amasinthidwa, ndipo ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo.

Koma kunena zoona, zonsezi n'zovuta kwa munthu woyamba. Tengani munthu woimba. Ndipo mwanayo apite nawo, aikhalire pansi, aione kulemera kwake. Kodi ndi wamanzere?

Mayi a Dalitso (Kapata): Ayi, amadyera lamanja. Tsache amaligwira khosi ndi lamanzere.

Amisiri Zulu (Down Shops): Mwapulumuka, za amanzere n'zosowa. Mukaipeza bwerani nayo kuno musanalipire, kuyang'ana sindilipiritsa.

Agogo Tembo (Katete): Mwandigonjetsa ndi kuchuluka, osati ndi nzeru. Koma langa limodzi mulimve. Kaya bokosi kaya magetsi, isagone padzuwa, isatsamire khoma la chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo akamaliza kuimba apukute nsambo ndi kansalu kouma. Thukuta ndilo limadya nsambo. Mphwanga wina ku Mfuwe anasiya yake m'galimoto masana a Okutobala, pobwera anapeza guluu wasungunuka, gitala yayasamula.

Lidi wa ku Mchini: Apo agogo sinditsutsa. Ndipo zala zidzawawabe ngakhale pa ya magetsi, amayi musadzadabwe. Aziimba mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, osati maola atatu Loweruka lokha. Pakatha masabata angapo nsonga za zala zimalimba.

Mayi a Dalitso (Kapata): Zikomo nonse. Wa ku Lusaka uja ndamuuza kuti mbale wanga abwera kudzaona katundu. Wayankha kuti shopu ikukonzedwa, nditumize theka kaye. Sindinamuyankhenso.

Naphiri (ku Joni): Mawu ake omwewo! Mwina ndi yemwe uja.

*Patapita masiku asanu ndi anayi*

Mayi a Dalitso (Kapata): Odi, ndabwera ndi lipoti. Mnyamata wa lidi wa kutchalitchi kwathu anatilozera kwa bambo wina ku Kalongwezi amene akusamukira ku Ndola. Anali ndi Pacifica 012 yakuda, yokalikakalika kumbuyo, mawaya ofiira ndi dzimbiri. Ine nditaiona mtima unagwa, poyerekeza ndi yofiira ya pa chithunzi ija. Koma Dalitso atangoiika pamwendo sanafunenso kuibweza. Ndinatulutsa machesi anga, bamboyo anadabwa kuti mayi wa zitenje akuyeza chiyani. Kamtengo kamodzi kanalowa mokhudza. Tinapita nayo kwa amisiri. Mwini gitala uja ananena K3,200, tinagwirizana K2,800.

Amisiri Zulu (Down Shops): Ndichitire umboni. Khosi lili bwino, mafureti adyeka pang'ono kumutu koma atumikira zaka. Polowera chingwe panali pogwedera, ndamanga. Timabatani ndatsuka. Ndamanga mawaya atsopano a 9 mpaka 42. Kandodo kogwedezera mawu kaja ndachotsa ndawapatsa amayi asunge m'chikwama, chifukwa mwana akayamba kukasewera gitala siikhala m'chuni. Ndipo amayiwa potsitsa mtengo ndi oopsa, bambo uja anatuluka thukuta.

Mayi a Dalitso (Kapata): Ndi ntchito yanga amisiri. Yotsalayo ndagula mawaya, chingwe chabwino chimodzi ndi mapiki atatu. Chikwama atelala akusoka, cha chitenje cha nkhanga. Ampulifaya tidikira chilimba cha mu Epulo. Pakali pano akuimba yosalumikiza, ndipo Loweruka akamaliza kusesa m'tchalitchi amamulola kulumikiza ku ya kumeneko theka la ola.

Aphunzitsi Nabanda (Chadiza): Mwagwira ntchito amayi. Koma homuweki isafe.

Mbuya wa ku Kitwe: Akadziwa makodi atatu, magwiridwe a zala aja, mumutumize kuno timuphunzitse zenizeni.

Mayi a Dalitso (Kapata): Koma pali vuto kale. Dzulo madzulo akuchuna, kawaya koonda kwambiri kaja kaduka, kanangoti thwa. Walira ngati kwagwa maliro, akuti waononga gitala. Kodi ndiye kuti tigulenso paketi yonse?

Lidi wa ku Mchini: Hahaha, walowa m'gulu tsopano. Palibe woimba amene sanadulepo kameneko. Kawirikawiri chimachitika n'choti akupotokola kiyi wa waya wina uku akukhwacha waya wina, ndiye akamva kuti mawu sakusintha amangopitiriza mpaka thwa. Muuzeni azitsata wayayo ndi chala mpaka pa kiyi wake asanapotokole, ndipo azipotokola uku waya ukulira. Paketi yonse ayi, kamagulitsidwa kokha, munene kuti waya woyamba saizi 9. Mugule tiwiri. Ngati mutasowa, ndili nako kapadera, mawa ndidutsa pa Kapata cha m'ma 10 koloko, abwere nayo gitalayo ndimuonetse kumanga yekha.

Agogo Tembo (Katete): Mukasowa konse mundiuze. Njinga yanga mabuleki akumbuyo sagwira kale, waya wake ungokhala.